Bondo la Wedisoni Chikhadzula

"Ukadzasiya mpira, Wedi, ndidzakugwira dzanja ine mwini n'kukulowetsa pachipata, dzuwa likuswa mtengo, dziko lonse likuona. Koma lero khala chete."

Anatero a Nebati Kambalame, kochi wa timu ya ufumu wa Tidzawina, atagwada m'fumbi kuseri kwa Bwalo la Tikanachinya. Wouzidwayo anali Wedisoni Chikhadzula, kaputeni wathu komanso womwetsa zigoli, ali thasa m'tsinde mwa mpanda, bondo lake lakumanja litaloza kumene bondo sililoza. Linali tsiku la fainolo ya Chikho cha Maufumu, ndipo mpira unali usanayambe.

Mlendo angadabwe kuti munthu amathyoka bwanji mpira usanayambe. Kwathu ku Tidzawina timu silowera pachipata. Ngakhale mwana amadziwa kuti pachipata ndi pomwe adani amathira zinthu. Wosewera akapondapo miyendo imalemera, goloboyi amaona mipira iwiri n'kugwira wolakwikawo. Ndiye timadumpha mpanda. Osewera amadumpha, kochi amadumpha, ndipo ife masapota timadumphanso kuopa kulowetsa tsoka m'mapazi, matikiti athu olipira bwinobwino ali m'thumba. Chipata chilipo ndithu, chachitsulo, chachikulu, mphatso yochokera ku dziko lina lomwe linkatifunira zabwino koma silinkatidziwa.

Vuto n'lakuti m'mabuku a ufumu ndife anthu otsogola ndi opemphera, ndipo munthu wotsogola sadumpha mpanda. Tsikulo anthu a ufumu woyandikana nafe wa Sayankhula anatichinya mopanda chisoni, ndipo kugonja kotero kumafuna mwini wake. Wayilesi ya Mwamva inalengeza kuti kaputeni anagwidwa ndi mantha ataona kutalika kwa adani n'kukana kulowa m'bwalo. A Kambalame anatsimikiza ndi mawu osweka mtima. Ife amene tinali pamzere kumbuyo kwa Wedi, amene tinamva bondo likulira ngati nzimbe, tinamvetsera wayilesiyo mpaka kumapeto, n'kupukusa mitu.

"Mwana uja," tinatero, "mantha!"

Dzina linamukanirira. Wedi Mantha. Anaseweraseweranso m'matimu a m'makwalala akukoka mwendo, kenaka anasiya popanda womutsanzika, ndipo anakhala chete monga anauzidwira.

Ine ndinachoka chaka chomwecho kupita kumaiko ozizira, kumene ndinakalamba ndikuwerenga za maufumu akuluakulu ndi mmene anagwera. Ena anagwa ndi nkhondo, ena ndi mliri, ena ndi ulesi wa mafumu awo. Sindinapezemo ngakhale umodzi wogwa pampanda. Nditabwerera ku Mawamawa, likulu lathu, mibawa ya mumsewu wa kusitediyamu inali itasanduka makala kalekale. Nyumba yowerengeramo mabuku, momwe ndinaphunzirira kunyoza dziko langa m'chilankhulo cha eni, munali tchalitchi m'mawa ndi malo oonetsera mpira wakunja masana. Mtsinje womwe tinkasambamo unali kuyenda ndi mapepala a pulasitiki okhaokha, madzi akutsatira pambuyo. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinakula: mpanda. Timu ikagonja, aphungu a ku Nyumba ya Inde amavomereza kuti awonjezerepo mzere wa njerwa kuti mankhwala a adani asamalowe ndi mphepo. Poti timagonja mokhulupirika, mpandawo tsopano umaoneka uli kumalire. Kudumpha kunkatheka kale, lero timakwera makwerero, ndipo eni makwerero ali ndi bungwe lawo, yunifolomu, ndi mpando ku Nyumba ya Inde.

Wedi ndinamupeza mu Msika wa Akuti, imvi zili mbuu, akuwotcherera zitsulo. Ntchito yake ndi yopanga zipata. Amapanga zokongola, zamaluwa, ndipo anthu amagula kwambiri, pakuti kunyumba timalowera pachipata ngati anthu ena onse.

Mkangano unayamba ndi ukwati. Mwana wake wamkazi, Esinati, namwino wa pachipatala cha ufumu, anapeza mwamuna. Ankhoswe a kuchimuna atabwera anakhala pamkeka, nayamikira mtsikanayo, nayamikira tiyi, kenaka wamkulu wawo anatsokomola.

"Pepani bambo Chikhadzula, tisabisane. Mtsikana tamukonda. Koma kwathu atituma tifunse. Manthawa, ndi a kumtundu kapena anangoyambira inuyo? Tikuganizira adzukulu."

Anati yankho adzalimva akadzabweranso. Esinati analowa m'nyumba osatola makapu.

Sabata yomweyo a Kambalame, amene tsopano anali Mlangizi wa Mfumu pa Nkhani za Chipambano, anali pawayilesi m'pulogalamu yotchuka ya Tikanawina Bwanji. Anali kufotokoza, monga ankachitira chaka ndi chaka, kuti akanakhala ndi amuna okhaokha tsiku lija chikho chikanakhala kwathu. Muulutsi anatsegula mafoni.

"Mwaswera bwanji a Kochi? Ndine Wedisoni."

"Wedisoni uti?"

"Wa mantha uja."

"Aaa, mwana wanga! Ukadali moyo? Bondo lija lili bwanji?"

"Bondo liti, a Kochi? Paja ine ndinalibe vuto la bondo. Ine anali mantha."

Mumsika monse malumo anaima, masikelo anaima, ngakhale wogaya nyama anazimitsa makina.

"Iwe Wedi, usandikole ndi mawu. Ndine bambo ako ine pa mpira. Ndinakutola ukusewera chikulunga, zala zili pamtunda."

"Munanditola, madala, n'kundikweza pampanda. Munati kaputeni adumphe woyamba."

"Ndinati udumphe! Ndani anakuuza kuti ugwe? Anzako onse anatera bwinobwino ngati amphaka, iwe wekha n'kutera ngati thumba la chimanga!"

Muulutsi anaika nyimbo ya kwaya. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo dziko lonse linamva pawayilesi chinthu chomwe linaona ndi maso zaka zambiri zapitazo. Tinadzidzimuka kwambiri.

M'mawa mwake a Kambalame anauza nyuzipepala kuti amene analankhula pawayilesi sanali iwo koma chimfine. Anawonjezera kuti Wedi sankadziwa kumenya mpira ndi mutu chifukwa ankasunga tsitsi. Wedi anayankha kuti luso lonse la a Kochi linali mawu amodzi, "thamangani", ndi kabotolo ka m'thumba la jekete. A Kambalame anati kabotoloko kanali ka mankhwala a chifuwa. Wedi anafunsa chifukwa chake mankhwala a chifuwa ankathiridwa pa golo. Kenaka anapinda buluku pakati pa msika n'kuonetsa bondolo, lotupa ngati dzungu lokulira pamwala, ndipo anthu anaima pamzere kudzaliona. Anati sakufuna kupepesedwa, sakufuna mendulo. Akufuna zomwe analonjezedwa: dzanja la a Kochi, chipata, ndi masana. Ankhoswe adzaone okha kuti iye ndi munthu wolowera pakhomo.

Msika unagawikana. Ometa anali mbali ya Wedi, ogulitsa makwerero mbali ya a Kochi, ndipo a kaunjika ankadikira kuti aone komwe kukupita anthu ambiri.

"Ine ndinkadziwa kuti mnyamata uja analibe mantha," anatero wometa wina, amene ndikumukumbukira bwino akuyambitsa nyimbo ya Wedi Mantha m'masiku amenewo.

"Nanga bwanji simunanene?" anafunsa yemwe ankametedwa.

"Anandifunsa ndani? Weramani."

Amene anada nkhawa kwenikweni anali mayi Nangondo, ogulitsa tchipisi. Chiwaya chawo chinali chotsamira pachipata cha sitediyamu kuyambira ali mtsikana, chifukwa m'likulu monse panalibe malo ena odekha ngati amenewo.

"Azikangana, koma chipata asachikhudze," anatero akutembenuza mbatata. "Ndi khoma langa ili. Ndalerera ana pamenepa, palibe anandiuzapo kuti mayi tapatukani tidutse."

Nkhani inafika ku Nyumba ya Inde. Mfumu Yaikulu Mwandiona Wachiwiri inakhala pampando wake wa msasa, nduna zitazungulira, aliyense atakonzeka kuvomereza asanamve. Woyamba kulankhula anali a Gwedeza, Nduna ya Masewera ndi Zipepeso, munthu amene anatumikira ufumu mwa kupepesa mtundu pambuyo pa masewera alionse, osadwalapo ngakhale tsiku limodzi.

"Mwini dziko, mwini mvula, mwini zigoli zomwe zikubwera," anayamba a Gwedeza. "Bondo la munthu uyu likunyoza ufumu. Alendo akamva adzati ku Tidzawina anthu amakhulupirira zamankhwala. Ife! Anthu oti tili ndi mabwalo a ndege awiri, limodzi lake la ndege zenizeni!"

"Inde!" inatero Nyumba.

Dokotala wa kunyumba yachifumu anapereka lipoti lakuti wapima bondolo ali patali ndipo wapeza kuti ndi maganizo chabe. Mkulu wa ansembe anati kudumpha mpanda ndi chikunja chomwe chinatha agogo athu atabatizidwa, ndipo iye amakwera makwerero pongofuna kuyandikira kumwamba. Phungu wa eni makwerero analira misozi yeniyeni, nati chipata chikatsegulidwa mabanja adzagona ndi njala chifukwa cha mwambo womwe kulibe. Nduna ina yachinyamata, yophunzira kunja ngati ine, inapempha kuti pakhale kafukufuku wofufuza ngati mpandawo ulipodi. Anaiombera m'manja n'kuipatsa galimoto.

Mfumu inakweza dzanja. Inali itamva kuti mafumu anzake akuiseka kumisonkhano, ndipo mfumu yathu imapirira chilichonse kupatula kusekedwa ndi anthu ovala bwino.

"Lembani," inatero. "M'ufumu uno palibe munthu anadumphapo mpanda. Amene anavulala posadumphapo tikuwapepesa. Ndipo kuti dziko lapansi lione, Loweruka kudzakhala masewera otsanzikana ndi Chikhadzula. Nkhalamba zathu zidzasewera ndi nkhalamba za ku Sayankhula. Chipata chidzatsegulidwa. Kambalame adzamugwira dzanja, ine ndidzatsatira pambuyo, ndipo mtundu wonse udzalowera pomwe wakhala ukulowera nthawi zonse."

"Inde!" inatero Nyumba, koma motsitsa, ngati anthu ovomera nyimbo ya maliro.

Kiyi wa chipata sanapezeke. Ankasunga ndi nduna ina yomwe inamwalira kale, ndipo akuti anaiika m'manda ndi makiyi ake onse poopa kuti angagwe m'manja olakwika. Anafunafuna mmisiri wodziwa zipata m'likulu monse, napeza kuti wodziwa kwambiri ndi Wedisoni Chikhadzula. Choncho Lachisanu masana Wedi anasenza zida zake, napempha mayi Nangondo kuti asunthe chiwaya pang'ono, nayamba kudula loko wa chipata chomwe iye mwini ankayenera kudzalowerapo.

A Kambalame anamupeza pomwepo. Anabwera wapansi, opanda wowanyamulira chikwama, atavala jekete lomwe lija. Anali atafupika. Anaima kanthawi akuonerera moto wa chitsulo.

"Wawonda, Wedi."

"Inunso mwatha, a Kochi."

"Mtsikana uja ndi amene ndinamunyamula ali wakhanda?"

"Yemweyo. Munati adzakhala goloboyi chifukwa anakugwirani ndevu osataya."

Nkhalambayo inaseka, kenaka inakhala pa benchi la mayi Nangondo.

"Ukuganiza kuti ndinkakunamizani? Ine ndinkakhulupirira, mwana wanga. Mpaka lero. Pakhomo ngati apa sipoponda."

"Tadumpha moyo wathu wonse, madala. Tinawinapo?"

"Ndiye taganiza tikanalowera pachipata. Bwenzi akutichinya zingati?"

Wedi anazimitsa moto n'kuwayang'ana. Ndinali pomwepo ndikudya tchipisi, ndipo ndikuvomera kuti m'mabuku onse omwe ndinawerenga mulibe yankho la funso limenelo.

"Mawa mudzandigwira dzanja?"

"Ndinalonjeza."

"Ankhoswe adzakhalapo. Esinati wawagulira malo apamwamba."

"Ndati ndinalonjeza, iwe. Thira mafuta apo, chikulira ngati mfiti."

Loweruka kunacha bwino. Chipata chinali chitapakidwa utoto, riboni atamangidwa, bandi ya apolisi ikuimba nyimbo ya fuko yomwe ndime yake yachiwiri imapepesa chifukwa cha yoyamba. Eni makwerero anauzidwa kuti asabwere, choncho anabwera n'kuima chapatali, makwerero atawagoneka mu udzu. Nkhalamba za ku Sayankhula zinali zitalowa kale m'mamawa, pachipata, riboni asanamangidwe, zikutafuna chingamu, ndipo zimenezi sizinatisangalatse. Wedi anafika atavala jezi yake yakale, yomwe inkamuthina pamimba, Esinati ali pambali pake. Ankhoswe anaima pamthunzi manja ali kumbuyo, ngati anthu odzagula ng'ombe.

Dzuwa lili paliwombo mfumu inadula riboni. Chipata chinatseguka osalira ngakhale pang'ono, pakuti Wedi ndi mmisiri. A Kambalame anatambasula dzanja, Wedi analigwira, nayamba kuyenda, wina akutsimphina kumanja, wina akukhwekhwereza mapazi kumanzere. Ndinaganiza kuti mwina ndinabwerera kwathu pa nthawi yake.

Atatsala pang'ono kuponda pakhomo, a Kambalame anaima.

Pansi, pakati penipeni pa chipata, panali ponyowa. Kukula kwake ngati chipewa, dothi lakuda pakati pa dothi louma.

Woimba lipenga anaona, nasiya. Wa ng'oma anapitiriza yekha pang'ono, kenaka nayenso anaona.

"Mvula inagwa?" inafunsa mfumu.

"Mwini mvula ndinu, mukadadziwa," anayankha a Gwedeza.

"Ndi madzi otsukira chiwaya awo!" anakuwa mayi Nangondo ali m'khamu. "Ndimataya pomwepo tsiku lililonse. Lero dzanja linangozolowera."

Anthu anapuma, ena anaseka. A Gwedeza anawakodola.

"Zikomo mayi, mwathandiza ufumu. Ndiye tadutsanipo inuyo poyamba, anthu aone."

Mayi Nangondo anayang'ana ponyowapo.

"Madziwo ndi anga," anatero. "Koma sindinakhale ndikuwalondera. Aja a chingamu adutsa pomwepa. Ine ndili ndi ana, bwana."

Apa ndinaona kuti nthawi ya munthu wophunzira yakwana. Ndinakweza mawu n'kuuza anthu a kwathu kuti kumaiko komwe ndinakhala anthu amalowera pazipata mvula ikugwa, pansi ponse pali ponyowa, ndipo amawina zikho. Ndinatchula anthu anzeru akale amene analemba za mantha a khamu. Anandimvera mwaulemu. Nditamaliza ndinazindikira kuti ndalankhula zonsezi ndili pamzere wa makwerero, pakuti mapazi anga anali atapita okha, ndipo wina kumbuyo ankanditi, "Madala a kunja, sunthani, mukuchedwetsa."

Mfumu inalengeza kuti ikufuna kuyendera mpanda kuti ione ngati njerwa zapamwamba zili bwino. Anaibweretsera makwerero okutidwa ndi nsalu yofiirira, omwe anapezeka msanga modabwitsa. Nduna zinatsatira, mkulu wa ansembe anayandikira kumwamba, ankhoswe anakwera atanyamula nsapato m'manja. Posakhalitsa mtundu wonse unali pamwamba pa khoma, miyendo ili lendelende, ukuyang'ana pansi pomwe panatsala anthu atatu: Wedi, a Kochi, ndi Esinati.

Chipata chinali chotsegula. Kudzera pamenepo Wedi ankaona kapinga, ndi golo lomwe sanalimwetse tsiku lija.

"Tiyeni, a Kochi. Ndi madzi."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Ndiye tiyeni."

"Lero lokha, Wedi. Tili ndi masewera. Aja sitinawachinyepo chibadwire. Ukaponda apo n'kugonja, adzati ndani watigonjetsa?"

"Ababa, lowani," anatero Esinati. "Ndikugwirani ine dzanja. Ukwati ukatha uthe."

"Si iwe unalonjeza, mama."

Pamwamba pa khoma anthu anayamba kutopa ndi dzuwa.

"Wedi, usatiphe! Kwera!"

"Akufuna atigonjetse kachiwiri ameneyo!"

Kenaka mawu ena, ndikukhulupirira anali a wometa uja, anaposa onse.

"Sangakwere! Akuopa makwerero! Mantha!"

Khoma lonse linalandira. Nyimbo yakale ija inabwerera yonse ndi mavesi ake, ngati kuti tinkaiyeserera dzulo. Wedi anakweza maso. Mkulu wa ankhoswe anali ataweramira kwa mnzake, akumunong'oneza kanthu, akuloza pansi ndi nsapato.

Wedi anayang'ana chipata, nayang'ana mwana wake. Anataya dzanja la a Kochi.

"Bweretsani makwerero. Aatali aja."

Anakwera ndi mwendo umodzi, winawo akuukoka ndi dzanja pa sitepe iliyonse, thukuta likudontha pa jezi. Nyimbo inazilala ali pakati. Atafika pamwamba khoma linaphulika. "Mwamuna! Kaputeni! Wedi Chitsulo!" Mkulu wa ankhoswe anavala nsapato, nadzamugwira chanza ndi manja awiri, nati kwawo adzakondwa kumva kuti adzukulu adzakhala olimba mtima. Wayilesi ya Mwamva inalengeza kuti mtundu wonse, motsogozedwa ndi mfumu, walowera pachipata mwabata ndi mwadongosolo.

Anatichinya zinayi. Aphungu anavomereza mzere wina wa njerwa. Lolemba mayi Nangondo anabwezera chiwaya chawo pamalo pake.

Wedisoni Chikhadzula analowa m'Bwalo la Tikanachinya podutsa pamwamba pa mpanda, dzuwa likuswa mtengo, dziko lonse likuona. A Nebati Kambalame anamugwirira makwerero.